Makwerero a Filomena

"Galimoto iyi sinyamuka ndi makwerero amenewa."

"Galimoto ya yani?"

"Ndi yanu, bwana. Koma woyendetsa ndine, ndipo ndati sinyamuka."

A Hilario anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza nacho. Dzuwa linali lisanapitirire nsonga za migwalangwa, koma ku Ndamera mwezi wa Okutobala kutentha sikudikira masana, malaya anali atamata kale pamsana. Okwera anali atathithikana m'kati, ena atapakata nkhuku, ena ana, onse makosi ali pawindo kuti asaphonye mkangano wa mwini galimoto ndi dalaivala wake.

"Iwe Leonard, tamvera," anatero a Hilario. "Lero ndi tsiku lako lomaliza. Ntchito wasiya wekha, palibe wakupirikitsa. Ukandipatsa kiyi pa Bangula, ukakwera basi ya ku Nchalo, uzikayendetsa mathirakitala a m'minda ya nzimbe. Ndiye makwerero angawa akukupweteka pati?"

"Ndi othyoka."

"Ndamanga!"

"Mwamanga ndi nsungwi, bwana. Nsungwi ndi mphira ya chubu cha njinga."

"Nanga denga la nyumba imene umagonamo lasenzedwa ndi chiyani? Si nsungwi?"

M'galimoto anthu anafa nacho chiseko. Leonard sanaseke. Anayang'ana makwerero aja, achitsulo, omamatira kuchitseko cha kumbuyo, okwerera padenga pamene pali keriyala ya katundu. Galimotoyo inali Landikuluza yakalekale, yoyenda m'mchenga ndi m'makwawa momwe maminibasi safika. Chaka cha madzi osefukira inamira mpaka m'mawindo, ndipo kuyambira pamenepo dzimbiri linkaidya mwakachetechete. Chitsulo chimodzi chopondapo, cha pakati, chinali chitaduka mbali imodzi. Pamenepo ndi pomwe a Hilario anasanjikapo kansungwi n'kukulunga mphira, mfundo yake yokongola ngati ya mphatso.

"Baba, musiyeni," anatero mawu ena kumbuyo kwawo. "Akufuna achoke atatisiyira phokoso."

Anali Filomena, mwana wa a Hilario, chingwe chili paphewa, mpango atamanga cha kumbuyo. Iyeyu ndiye ankalandira okwera, kukweza katundu padenga ndi kumangirira, kuyambira pomwe analemba mayeso a Fomu 4. Matumba awiri a mbatata anali adakali pansi. Anafika pamakwerero n'kukweza phazi, koma Leonard anaima kutsogolo kwake.

"Simukwera, achemwali."

"Achemwali?" Filomena anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Baba, munabereka mwana wina ku Maseya osatiuza?"

"Ndati simukwera."

"Ndakhala ndikukwera iwe usanabwere, ndidzakwerabe iwe utapita. Tapatuka."

Leonard sanapatuke. Anatembenukira kwa a Hilario. Anati anyamuka pokhapokha zinthu ziwiri zitatheka: Filomena atsale pakhomo lero, ndipo akafika pa Bangula makwererowo akawotcherere iye akuona ndi maso ake. Katundu akweza ndi kutsitsa yekha, poponda pateyala ndi pawindo. Okwera nawonso aziyankhula ndi iye.

A Hilario anayang'ana dzuwa, anayang'ana okwera omwe tsopano anali atayamba kung'ung'udza, n'kuvala chipewa chawo.

"Tendeni basi, tinyamuke. Mwana iwe uli ndi mutu ngati mwala wa mphero."

Filomena anaponya chingwe pamapazi a Leonard. Sananene kuti uyende bwino. Analowa kuseri kwa mpanda, ndipo Leonard anangoona mpango wake wachikasu ukuzimiririka pakati pa mabango.

Msewu wochoka ku Ndamera Leonard ankaudziwa dzenje lililonse, choncho manja ankayendetsa okha, mtima uli kwina. Anali atabwera kuno dzinja litangotha, kuchokera kwawo ku Maseya, mwana wa Amang'anja amene sukulu anakaphunzirira kumtunda kwa azakhali ake. Chisena chake chinali cha pamsika: takhuta pothokoza, tendeni ponyamuka, ndi mawu awiri atatu otukwanira mbuzi pamsewu. Choposa apo sichinkafunika. A Hilario ndi Filomena ankamuyankhula Chichewa, ndipo okwera onse ankathana ndi Filomena. Iye ntchito yake inali chiwongolero, ndi kuba maso pagalasi. Pagalasi lija ankaona mapazi a Filomena akukwera makwerero, kenako denga likulira gu, gu pamwamba pa mutu wake, ndipo mumtima ankati, anthu ena amayenda mtunda kusaka chimwemwe, changa chimandiyenda pamutu.

Tsiku limene makwerero anathyoka anali awiriwiri. Ankachokera kumapiri kokasiya chimanga, a Hilario atatsala pa boma. Pakhwawa lina louma galimoto inatitimira mumchenga, ndipo Filomena anakwera padenga kukatsitsa matabwa oyala pansi pa mateyala. Anaponya matabwa, n'kuyamba kutsika chafutambuyo. Chitsulo chinangoti phwa! Leonard sanadziwe kuti anathamanga liti. Anangozindikira Filomena ali m'manja mwake, mtima wa mtsikanayo ukugunda pachifuwa chake ngati wa njiwa yogwidwa, tsitsi lake likununkhira fumbi ndi sopo.

Mawu amene anawasunga miyezi yonse ija anatuluka okha. Anamuuza kuti amamukonda, kuti akanagwa iyenso akanafera pomwepo, kuti akufuna adzakhale mkazi wake.

Filomena anadzimasula, n'kubwerera m'mbuyo, maso ali pansi. Anakumba mchenga ndi chala cha kuphazi. Kenako anayankhula motsitsa, m'chiyankhulo cha kwawo.

"Ine ndisakufuna kakamwe."

Atatero anathawira kuseri kwa galimoto n'kuyamba kuyala matabwa.

Leonard anaima pamchenga wotentha uja osamva kutentha. Kakamwe ankadziwa kuti ndi kwambiri. Ndisakufuna, nanga n'kufunsanso? Ndi mmene munthu amanenera kuti wabwera ine ndisakufuna, wandigwira ine ndisakufuna. Ndiye kuti sanangomukana, anamukana kwambiri. Ndipo anamukanira m'Chisena, ngati kuti amukumbutse kuti ndi mlendo.

Kuyambira tsiku limenelo anadzikoka. Anasiya kumuitana dzina, anayamba za achemwali ndi inu. Filomena masiku oyamba ankamumwetulira, kumubweretsera zipatso za masawu m'kapepala, iye n'kumati akundimvera chisoni, ndipo chisoni cha munthu amene wakukana chimawawa kuposa kukanako. Kenako kumwetulira kunatha, kunabwera mawu obaya. Msuweni wake Nicholas atamuimbira kuti kukampani ya nzimbe kukufunika oyendetsa thirakitala, ndipo afike lero lisanathe, Leonard anavomera foni isanadulidwe. Koma kuchoka n'kumusiya mtsikana uja akuponda nsungwi tsiku ndi tsiku, zimenezo ayi. Amukane, koma asathyoke msana.

Anadutsa pa boma, ena anatsika, ena anakwera. Paliponse Leonard ankazimitsa galimoto, kuponda pateyala, kugwira chitsulo cha keriyala chomwe chinkawotcha ngati chiwaya, kudzikoka, kumasula, kutsitsa, kumanganso. Pofika pa Tengani manja anali atatupa. A Hilario anali atagona pampando wa kutsogolo, chipewa chili kumaso.

Pa Tengani panatsika mayi wina wojintcha, wogulitsa nsomba, amene anzake ankamuitana kuti Esinala. Anatsika ndi dengu limene analipakata, n'kuyamba kukonza chitenje. Leonard anakumbukira kuti mayiwo anakwezanso mtolo wa milamba youma padenga, pansi penipeni pa njinga ziwiri ndi matumba a mbatata.

"Mayi, mtolo wanu uja wa padenga, titsitse?"

"Ndisafuna," anayankha mayiwo, ali kalikiliki ndi mfundo ya chitenje.

Leonard anapuma mpweya wa mpumulo. Mwina mtolowo ukupitirira ndi anzawo mpaka pa Bangula. Analowa, analiza galimoto, n'kunyamuka.

Sanayende patali. Kumbuyo kunamveka kukuwa, ndipo pagalasi anaona mayi Esinala akuthamanga, dengu lili pamutu, dzanja limodzi likugwira chitenje, linalo likumenya mphepo. Okwera anayamba kumenya denga. "Imani! Imani adalaivala!" Mayiwo atafika anamenya chitseko ndi chikhatho mpaka a Hilario anadzidzimuka, chipewa n'kugwera pamiyendo.

"Mbava! Nsomba zanga ukupita nazo kuti?"

"Mayi, ndakufunsani! Mwanena nokha kuti simukufuna!"

"Ine? Ndanena liti?"

"Mwati ndisafuna!"

"Eya, ndisafuna! Ndisafuna ntolo wanga!"

"Mwamva?" Leonard anatembenukira kwa okwera, manja ali m'mwamba. "Mwamva nonse? Akubwerezanso!"

Okwera anayang'anana. Kenako galimoto yonse inaphulika ndi chiseko. Bambo wina kumbuyo anaseka mpaka kutsokomola. A Hilario anagwira pamimba, misozi ikutsika, akumenya dashibodi.

"Ayi, mwana wa ku Maseya wandipha lero! Miyezi yonseyi ukudya nsomba zathu, Chisena osachimva? Iwe, kwathu kuno munthu akati ndisafuna ndiye kuti akufuna. Ndisadya, ndimadya. Ndisaenda, ndimapita. Akafuna kukana amati nkhabe. Mayiwa anena nkhabe?"

"Sanatero."

"Ndiye kwera, tsitsa nsomba za eni ake."

Leonard sanasunthe. Anali atagwira chitseko, pakamwa pali pululu. Phokoso lonse la pa Tengani, mawailesi a m'magolosale, mabelu a njinga, linapita kutali ngati wamira m'madzi. Ndipo poti mtima ukathamanga nzeru zimatsala m'mbuyo, anafunsa pomwepo, pamaso pa anthu onse, kwa munthu amene sankayenera kumufunsa.

"Nanga bwana, munthu akakuuza kuti ndisakufuna kakamwe?"

Mayi Esinala anaiwala nsomba zawo. Anaika dengu pansi, n'kuimba nthungululu yomveka mpaka kutsidya kwa msewu.

"Eee! Adalaivala athu ali ndi mwayi! Ameneyo wafa nawe, mwananga, wafa nawe kotheratu! Ndiye unamuyankha chiyani?"

"Palibe."

"Palibe? Mayo ine! Anyamata a masiku ano, Mulungu akupatsani makutu ongokolekapo magalasi?"

Anthu anasekanso, koma a Hilario anali atasiya. Anatola chipewa chawo pang'onopang'ono, n'kuchisasa fumbi.

"Wakuuza ndani mawu amenewo?"

Leonard anaponda pateyala n'kukwera padenga. Anachedwa kumeneko kuposa mmene mtolo umafunikira. Pamwamba paja ankaona dambo lonse mpaka ku Shire, madimba obiriwira, utsi wa m'midzi ya kutsidya, ndipo ankafuna kukuwa, ankafuna kulira, ankafuna kudzimenya mbama. Masawu aja! Mtsikana ananena zakumtima kwake m'chiyankhulo chimene mtima wake umayankhula, iye n'kumubwezera achemwali.

Kuchoka pa Tengani mpaka pa Bangula a Hilario sanagonenso. Leonard ankathamangitsa galimoto mpaka mbuzi zinkamwazika, ndipo chikwama chake cha zovala, chomwe anachiika pakati pa mipando, chinkamugunda pachigongono pabampu iliyonse.

Pa Bangula okwera anatsika, ena kulunjika kumsika, ena kumaboti owolokera ku Chiromo. Leonard anatsitsa katundu yense n'kukhotetsa galimoto kupita kwa Howard, wowotcherera zitsulo, yemwe shedi yake ya malata inali moyang'anana ndi pokwerera basi. Mwamwayi magetsi analipo.

Howard anafika akupukuta manja, magalasi akuda ali pachipumi. Anayang'ana nsungwi ija n'kuimba mluzu.

"Injiniya wake ndani ameneyu?"

"Ingowotcherera, usatichedwetse," anatero a Hilario. "Kadontho kamodzi apa, basi."

Howard anadula mphira ndi mpeni, nsungwi n'kugwa. Anatenga sipanala n'kugogoda makwerero kuyambira pamwamba. Pamwamba chitsulo chinkalira ngwe, ngwe. Pofika pakati chinayamba kulira phu, phu, ngati chikuni chofumbwa. Anakanikiza ndi chala chachikulu pafupi ndi pothyoka paja, chala n'kulowa.

"Madala, apa palibe powotcherera. Penti yokha ndi imene yagwira. Madzi analowa m'mapaipimu, dzimbiri ladya kuchokera m'kati. Ndikaika moto apa pangobooka. Timasule onse, ndidule kuyambira apa mpaka pansi, ndilowetse paipi yatsopano, mabawuti a pachitseko tisinthenso. Ndiboolanso timabowo pansi kuti madzi azituluka."

A Hilario anayandikira. Anagwira chitsulo chopondapo cha m'munsi mwa chothyoka chija, chimene chinkaoneka chabwinobwino, n'kuchipotoza pang'ono. Chinatsala m'manja mwawo. Dzimbiri lofiira linayoyokera pansapato zawo ngati ufa wa mawere.

Anakhala pa limu yakale ya teyala imene inali pamthunzi, chitsulo chija chili m'manja, akuchitembenuza.

"Mwana wanga amaponda apa," anatero, osauza munthu. "Atasenza thumba."

Howard anayamba kumasula mabawuti. Kutsidya kwa msewu kondakitala ankakuwa, "Nchalo, Nchalo, Chikwawa! Anthu awiri inyamuke!"

"Filomena anandiuza kuti chitsulo chija chinathyoka ndi thumba la chimanga," anatero a Hilario. "Kuti linaphonyeka padenga n'kumenya makwerero."

"Sichinali chimanga, bwana."

"Anali iyeyo?"

"Eya."

"Anagwa?"

"Sanafike pansi."

A Hilario anakweza maso. Anali maso ofiira ndi fumbi la msewu wa zaka zambiri, ndipo anakhala pankhope ya Leonard nthawi yaitali.

"Anamuwakha ndani?"

Galayinda ya Howard yodulira zitsulo inalira, moto n'kuthetheka, ndipo Leonard anathokoza phokosolo mumtima. Koma galayinda siilira mpaka kalekale. Itasiya, funso lija linali lidakali pomwepo, ndipo a Hilario anali atadziyankha okha. Anaika chitsulo pansi, anapukuta manja pathalauza.

"Masabata onsewa mwana sakudya bwino," anatero. "Amayi ake amati ndi malungo. Tinamugulira mankhwala."

Leonard anayang'ana pansi.

"Nchalo munthu mmodzi! Mmodzi yekha!"

Foni inalira m'thumba mwake. Anadziwa kuti ndi Nicholas. Inalira mpaka kutopa. Ku Nchalo kunali ntchito ya yunifolomu, nyumba ya magetsi, malipiro osadalira kuti lero kwakwera anthu angati. Kuno kunali galimoto yodyedwa ndi dzimbiri, bwana womanga zitsulo ndi nsungwi, ndi mtsikana amene mwina tsopano anali atasinthadi maganizo, amene mwina akadzamuona adzanena nkhabe weniweni, womveka bwino m'ziyankhulo zonse. Ndani angamudzudzule?

A Hilario anaimirira, mawondo akulira. Anapita kugalimoto, anatulutsa chikwama cha Leonard, n'kuchiika pansi pakati pa awiriwo. Kenako anatambasula dzanja.

"Makwerero akukonzedwa, waona ndi maso ako. Zimene unafuna zachitika. Basi yako ndi iyo. Kiyi."

Leonard anatulutsa kiyi. Anali wotentha, wonyowa ndi thukuta. Anamuyang'ana, koma dzanja silinapite kutsogolo.

"Kiyi, Leonard."

"Bwana, ndikudziwa kuti pali nkhani zina mnyamata sauza bambo wa mwana pamaso."

"Ukudziwa bwino. Ndiye usandiuze."

"Ndikudziwanso kuti pamsewu si pamalo pake."

"Pashedi ya Howard! Anthu akumva!"

"Ine sindikumva kanthu, madala," anatero Howard, atatsitsira magalasi kumaso. "Makutu anga anatha ndi galayinda."

Kutsidya chitseko cha minibasi chinatsekedwa, injini n'kulira. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo, akuyang'ana mnyamata wa chikwama uja, dzanja lili m'mwamba kufunsa. Leonard anapukusa mutu. Minibasi inalowa mumsewu, fumbi n'kutsala likutsika pang'onopang'ono pamalata.

A Hilario anali asanabweze dzanja lawo, koma zala zinali zitayamba kupindika.

"Wataya ntchito ya anthu olemera," anatero. "Ndiye tsopano?"

Leonard anabweza kiyi m'thumba. Anavula kapusi yake, anaigwira ndi manja awiri, n'kutsika mpaka bondo limodzi linagunda pansi, pakati pa zidutswa za zitsulo.

"Ndikufuna ndiyendetse ndekha galimotoyi kubwerera ku Ndamera, bwana. Ndikufuna ndikapepese kwa Filomena. Akakandikhululukira, ndikufuna nditumize amalume anga kwanu, adzakupempheni mwana wanu."